Utoto Wapansi Unadzuka

Mayi Kauna ankapala mbatata yootcha pang'onopang'ono, atakhala pakhomo pomwe kuwala kumalowera. Ankachotsa makala ndi chivindikiro cha chitini cha nsomba, kuuzira phulusa, kutembenuza mbatatayo n'kuyambanso. Masiku ena ankapala zisanu munthu asanamalize kusamba m'manja. Loweruka limeneli yachiwiri inali idakali m'manja mwawo, chifukwa ankapenya ndi diso limodzi. Linalo linatupa Lachinayi, tsiku limene amuna awo, a Gigmai, anakagulitsa khofi ku tauni ya Kundiawa n'kubwera masana akununkha mowa. Anapeza nkhumba imodzi yadula chingwe, ndipo anasolola chikuni pamoto pomwepo.

Mwana wawo Delma, wa giredi 10, anakhala pansi moyang'anizana nawo, katoni ili pamiyendo, pepala lili pamwamba pa katoniyo. Aphunzitsi a zojambula, Mayi Kanawi, anapatsa aliyense pepala limodzi lolimba ndi utoto wosungunula ndi madzi m'zivindikiro za mabotolo: wofiira, wachikasu, wabuluu, woyera ndi wakuda. Ntchito inali kujambula nkhope ya munthu wa pakhomo. Zithunzizo ankati akazipachika m'kalasi Lachisanu, tsiku lobwera makolo.

"Amayi, musagwedezeke."

"Ndikapanda kugwedezeka udya chiyani? Pepala?"

"Pang'ono pokha."

"Ujambule mbali yabwinoyi. Makwinya undichotsere. Ngati utoto woyera utsale undibwezerenso mano awiri ndinasiya m'fupa la nkhumba aja."

Delma anangomwetulira. Sanali wolankhula. M'kalasi akafunsidwa funso yankho ankakhala nalo, koma linkathera pammero. Mawu a Mayi Kanawi okha ndi amene ankawasunga onse, ndipo tsopano ankawamva m'mutu ngati aphunzitsiwo aima kumbuyo kwake. Mutu wa munthu ndi dzira. Maso amakhala pakati pa dziralo, osati kumwamba monga amajambulira ana a pulayimale. Analemba mizere ndi pensulo mosasindikiza. Kenako anaviika burashi m'kapu ya madzi n'kupaka pepala lonse utoto wachikasu wamadzimadzi, wopyapyala moti mizere inkaonekabe.

Wofiira, wachikasu ndi wabuluu ndiwo makolo, mitundu ina yonse ndi ana awo. Anasakaniza wofiira ndi wachikasu pa mbale yachitsulo, n'kudonthezamo wabuluu pang'ono, mpaka unatuluka mtundu wa khungu la amayi ake. Anapaka mphumi, mphuno, chibwano. Pomwe kuwala kwa pakhomo kumagunda anasiya chikasu chapansi chija kuti chizionekera. Mthunzi wa pansi pa chibwano sanaupake wakuda. Mayi Kanawi ankamenya tebulo ndi rula pa nkhani imeneyi: mthunzi si wakuda, penyani bwino, muli buluu, muli pepo. Delma anapenya bwino ndipo anaupezamo. Ndi nsonga ya burashi anaika mphini zitatu za pa tsaya zimene amayi ake anatemedwa ali mtsikana, ndi mpango wawo wa madontho.

Iye anafunadi kujambula mbali yabwino. Koma Mayi Kauna ankangocheukira kumoto kukatola mbatata ina, ndipo nthawi iliyonse akacheuka mbali yotupa ndi imene inkabwera m'kuwala. Delma anaiyang'ana kamodzi, kawiri. Chotupacho sichinali cha mtundu umodzi. Pakati chinali pepo wakuda ngati nthochi yopsetsa. Chakumphuno kunali kofiira. M'mphepete, chakukhutu, chinayamba kusanduka chachikasu chopita kobiriwira. Dzanja lake linapita lokha ku mbale. Wofiira ndi wabuluu. Wachikasu ndi kadontho ka wabuluu. Anapaka mitunduyo isanaume kuti ilowane yokha popanda mzere pakati. Anaiwala njala, anaiwala mwendo umene unachita dzanzi. Pomwe ankaika burashi pansi anadziwa kuti chiyambire sanajambulepo chinthu chabwino chotere.

"Tione," anatero amayi ake.

Anagwira pepalalo m'mphepete ndi zala za phulusa, n'kulipendeketsa kuti diso labwino lione.

"Mano anga aja sunandibwezere," anatero. Kenako mawu anatsika. "Fufuta ichi."

"Amayi."

"Wati akazipachika kusukulu? Mwana wa amalume ako sali kalasi imodzi ndi iwe? Lachisanu amalume akowo sakakhalako? Ukufuna za chaka chatha?"

Delma ankazikumbukira za chaka chatha. Amayi ake atathyoledwa mkono ndi a Gigmai, mlongo wawo a Waine anawoloka mtsinje ndi amuna asanu ndi mmodzi. Anadula mitengo ya khofi ya munda wonse wakumunsi, anatentha khola, anabaya nkhumba ziwiri n'kuzinyamula. A Dirua, mkulu wawo wa bambo ake, anatchinga chikwanje ndi dzanja ndipo zala ziwiri zinatsala m'munda momwemo. N'chifukwa chake kuyambira Lachinayi amayi ake sanapite kumsika kapena kutchalitchi. Ankadikira kuti diso liphwe, nkhani ithere m'nyumba.

Pepala lina panalibe. Delma anasakaniza mtundu wa khungu wambiri, anauthira woyera kuti ulimbe, n'kuupaka pamwamba pa chotupacho. Burashi itadutsa koyamba zinaoneka ngati zatheka. Itadutsa kachiwiri, pepo wapansi uja anatulukira m'kati mwa utoto watsopano ngati magazi m'nsalu. Anawonjezera wina. Burashi yonyowayo inakokera pepo uja kutsaya. Anayesa kupukuta ndi chala, ndipo chala chinaufikitsa kukhutu. Apa ndi pomwe anakumbukira lamulo limene Mayi Kanawi ankabwereza sabata iliyonse. Yambani ndi mitundu yowala, yakuda pomaliza, chifukwa utoto uwu suufa. Ukauma umangogona. Ukaukhudza ndi burashi yonyowa umadzuka.

Pomwe ankasiya, theka la nkhope linali bii, kuyambira pamphumi mpaka pachibwano, ndipo pepala linayamba kunyenyeka. Chotupa chimene chinali ngati dzira tsopano chinali ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Mphini zitatu ndi mpango zokha ndi zimene zinatsala bwino.

Anaganiza zoliumitsa kuti mwina louma livomera. M'nyumba munali utsi ndi chinyezi, choncho anatuluka nalo. Pabwalo bambo ake anali atayanika khofi pa lona. Delma anaika pepalalo pakona ya lonayo padzuwa, n'kulitsindira ndi miyala iwiri.

Anali akutsuka burashi pamene anamva chifuwa kunjira. A Waine anatulukira pa mpanda akutafuna buai, mtedza wofiiritsa malovu, milomo ili psuu, chikwanje chili m'khwapa monga amayendera mwamuna aliyense. Amayi ake anali atalowa kale m'kati, kumdima.

"Mphwanga wosalankhula, uli bwanji? Lilime linamera?"

"Ndili bwino, amalume."

"Lamera. Amayi ako ali kuti? Kumsika malo awo akhalapo anthu ena. Masiku awiri tsopano."

"Agona. Mutu."

"Mutu." A Waine analavula malovu ofiira kumpanda. Anayenda kukaona khofi wa alamu awo, kutolako njere imodzi n'kuiluma kuti amve ngati wauma. Apo ndi pomwe anaona pepalalo. Anaseka.

"Ichi n'chiyani? Kusukulu akukuphunzitsani kujambula mizukwa? Munthu uyu wagundidwa ndi basi kapena?"

Anawerama kuti aonetsetse. Kuseka kunatha. Anaika chala chachikulu pa mphini zitatu zija, ndipo Delma anaona nsagwada zawo zikuleka kutafuna.

"Kauna."

A Waine anaweramuka n'kuyang'ana kukhomo la nyumba.

"Kauna, tuluka. Ndisachite kulowa."

Sanadikire. Anawerama pakhomo n'kulowa, ndipo anatuluka akukoka mlongo wawo padzanja. Anawagwira chibwano n'kuwatembenuzira kudzuwa ngati munthu amene akuona nkhumba pamsika.

"Ndinagwa m'munda, achimwene. Kunali koterera."

"Munda wanu uli ndi zibakera?"

A Gigmai anatsika kuchokera kumunda wakumtunda nthawi yomweyo, kudzatembenuza khofi. Anaima pa mpanda, chikwanje chili m'manja, n'kuyang'ana alamu awo, akazi awo, kenako pepala.

"Alamu, mwabwera osatuma mawu. Tikanapha nkhuku."

"Nkhuku mwapha kale, ndi iyi."

"Musiyeni mkazi wanga. Ali pakhomo panga."

"Mkazi wako? Uyu ndi mwana wa bambo anga."

"Bambo anuwo analandira nkhumba khumi ndi ziwiri za malowolo. Ndinaziwerenga ndekha. Mukamufuna bweretsani nkhumba zanga."

"Nkhumba zako zoonda zija tinadya kalekale, ndipo zinatitsegula m'mimba."

A Waine ndi amene anayamba. Anawamenya a Gigmai pakhosi ndi mbali yobuntha ya chikwanje, mawu ake ngati thabwa lagwa. A Gigmai anagwada bondo limodzi, koma podzuka anazunguza chawo chakuthwa. Chinadutsa pakhutu la a Waine n'kutsikira paphewa, ndipo malaya anang'ambika. Anagwirana. Anagwera pa lona onse awiri, khofi n'kumwazika mpaka kumpanda. A Gigmai anali pamwamba, akuwomba nkhonya pakamwa pa alamu awo, ndipo Delma sanathe kusiyanitsa magazi ndi buai. Kenako a Waine anamasula dzanja n'kutema. A Gigmai anatchinga ndi mkono. Mnofu unatseguka kuyambira pachigongono, woyera kaye, kenako magazi anabwera onse pamodzi.

Mayi Kauna anathamangira pakati. Anagwira mlongo wawo m'chiuno akuti basi, basi, achimwene, mupha munthu. A Waine anawakankha ndi chigongono osacheuka. Anagwa chagada pa miyala ya m'mbali mwa ngalande, mutu n'kugunda, mpango n'kuvuka. Anayesa kudzuka, n'kukhalanso pansi.

Delma anaima pomwe anali, kapu ya madzi a utoto ili m'manja. Maso okha ndi amene ankagwira ntchito. Anaona magazi akugwera pa khofi woyera, ofiira pakati, m'mphepete akusanduka akhofi dzuwa likawagunda. Anaona dzino lili pa lona. Anadzida chifukwa choona zonsezo bwinobwino.

Mkazi wina kutsidya kwa chigwa anayamba kukuwa, wina kumtunda anamulandira, ndipo posakhalitsa amuna a fuko la a Gigmai anatsika akuthamanga, ena ndi nkhwangwa, ena ndi mipini ya fosholo. Atatu anawagwira a Waine n'kuwapotokola mkono mpaka chikwanje chinagwa. Mnyamata wina wamkulu anawaponda m'nthiti kawiri asanaletsedwe. A Dirua anafika pomaliza, akupuma movutika, n'kuimika m'mwamba dzanja lawo la zala zitatu.

"Aliyense akhale pansi. Ine zala zina zopereka ndilibe."

Anthu anaseka pang'ono, ndipo ena anakhaladi pansi. Wina anamanga mkono wa a Gigmai ndi malaya. A Waine anawakhazika pa chitsa, amuna awiri atawagwira m'mapewa.

"Wayambitsa ndani?" anafunsa a Dirua.

A Waine analavula magazi n'kuloza pepala ndi chibwano. Linali likadali pakona ya lona, miyala iwiri ili pamwamba. A Gigmai anadzuka. Anapita pomwe panali Delma n'kumuwomba mbama ndi dzanja labwinolo. Kapu inauluka. Khutu linalira, ndipo m'kamwa anamva mchere. Bambo akewo anaponda zivindikiro za utoto chimodzichimodzi ndi nsapato yawo ya jombo, anathyola burashi pabondo n'kuiponya kukhola.

"Ndimakutumiza kusukulu kuti uzikandijambulira milandu? Galu iwe. Wakhala chete zaka zonsezi, kani ukundisungira izi?"

"Gigmai, khala pansi," anatero a Dirua.

Anatola pepalalo n'kupita nalo pomwe panakhala Mayi Kauna. Analiika pafupi ndi nkhope yawo, n'kuyang'ana uku ndi uku. Amuna ena anayandikira.

"Taonani nonse. Apa theka la nkhope lapita. Apa ndi diso lokha. Sizikufanana. Mlamu, chinachitika n'chiyani?"

"Ndinagwa m'munda," anatero Mayi Kauna, akuyang'ana pansi. Magazi ankatsika kuseri kwa khutu lawo kulowa m'bulauzi.

"Mwamva. Anagwa m'munda. Mwana ndi amene sadziwa kujambula." A Dirua anatembenukira kwa a Waine. "Alamu, mwatema munthu chifukwa cha homuweki. Tikazitengera patali, mawa anyamata athu awoloka mtsinje, mkuja anu abwera kuno, ndipo khofi wa chaka chino adyedwa ndi mbalame. Mwanayu anene pamaso pa tonse kuti utoto unamutayikira. Akatero inu mubweretsa nkhumba imodzi ya mkonowu, Gigmai apereka yaing'ono ya khutu lanulo, tidya pamodzi, yatha."

Amuna anavomereza chapansipansi. Ngakhale a Waine sanakane. Mkwiyo unali utawathera pamodzi ndi dzino, ndipo ankayang'ana nkhwangwa zimene zinawazungulira.

"Delma, mwana wanga," anatero a Dirua mofatsa. "Utoto unatayika, eti? Ungoti inde. Ukhozanso kungogwedeza mutu, tikudziwa kuti pakamwa pako m'polemera."

Onse anamuyang'ana. Delma anayang'ana amayi ake. Iwo anagwedeza mutu pang'ono, kumupempha. Inde uja anali pafupi, ndipo sanali bodza lonse. Anamumva akukwera pammero. Akanangomutulutsa, anthu akanabalalika, iye akanatola khofi m'fumbi mpaka madzulo, ndipo khofi wina akadzagulitsidwa nkhumba ina ikanadzadulanso chingwe.

"Utoto unayenderera, n'zoona," anatero. Mawu anatuluka aang'ono moti a Dirua anaweramira kutsogolo. "Chachikulucho ndalakwitsa ndine. Ndimafuna kubisa."

"Basi, mwamva," anatero a Dirua.

"Sindinamalize, bambo aakulu."

Pakamwa pa Delma panali patatseguka kale.

"Pansi pa chachikulucho pali chaching'ono, ndipo chimenecho ndinajambula bwino. Amayi sanagwe m'munda. Chinali chikuni. Ine ndinali pomwepo, ndipo ndine ndinachitola n'kuchibwezera pamoto kuti tiphikire."

A Gigmai anafuna kudzuka, koma mwamuna amene anawamanga mkono anawakoka malaya.

"Inu amalume, chaka chatha munadula khofi n'kupita kwanu kukadya nkhumba. Amene anadzala wina ndi amayi, ndi mkono umodzi, mvula ikuwagwera. Lero mwawagwetsa pamiyala ndinu, ndipo mpaka pano simunacheuke kuti muone ngati adzuka."

Delma anatembenukira kwa bambo ake.

"Bambo, ine ndimakuopani. Ndikamva mapazi anu kunjira ndimayang'ana chimene chili pafupi ndi dzanja lanu. Ndatopa nazo. Mundimenyenso ngati mukufuna, anthu onsewa aone, koma inde ameneyo sindinena."

Anapukuta pakamwa ndi kuseri kwa dzanja. Anadutsa pakati pa amunawo, n'kukagwada pambali pa amayi ake, n'kulowetsa phewa lake m'khwapa mwawo.

"Za nkhumba zanuzo kambiranani. Ine ndikupita nawo kuchipatala. Diso ili silikuona, ngakhale alitsegule ndi zala. Anandiuza dzulo. Nonsenu mwaliyang'ana lero, koma palibe ndi mmodzi yemwe amene wawafunsa."